Nkhondo ya M'nyumba Ikafika kwa Apolisi

Wolemba Mtolankhani Wathu

PALIBE munthu wokulira kumudzi amene sanamvepo kulira kwa mai pakati pa usiku. Agalu auwa, ana akuwa, citseko cigunda, ndipo a m'nyumba zoyandikana adzuka namvetsera. Wina afuna kutuluka kukaleretsa, koma mnzake amgwira dzanja nati, "Zisiyeni, ndi za m'banja." Kukaca mai uja aoneka pa citsime atafunda citenge kumutu, diso litatupa. Anzake akamfunsa ayankha kuti anagunda nsanamira ya khonde popita kukatseka khola la nkhuku. Onse adziwa kuti si zoona, koma palibe womtsutsa.

Zotere zimveka kawirikawiri pa nyengo ya misika, pamene cimanga, thonje, nshawa ndi soya zagulitsidwa ndipo makwaca alowa m'nyumba. Mai amene analima, kupalira ndi kukolola pamodzi ndi mwamuna wake afunsa kumene ndalama zapita, ndipo yankho lake likhala cibakera. Mabanja ena nkhondo yao ibuka kaamba ka kacasu, ena kaamba ka nsanje, ena kaamba ka mkazi waciwiri.

Awerengi athu ambiri afuna kudziwa ngati apolisi ali ndi mphamvu yolowa m'nkhani za mwamuna ndi mkazi wake, ndiponso cimene cicitika munthu akapita kukadandaula. M'nkhani ino tifotokoza zimene malamulo a dziko la Zambia anena, kuyambira pa khomo la polisi kufikira m'khoti.

Kukula kwa vutoli

M'caka ca 2018 Boma linacita kafukufuku wamkulu wa za umoyo wa anthu m'zigawo zonse za dziko lino. Pakati pa akazi a zaka 15 kufikira 49, anapeza kuti 36 pa 100 alionse anamenyedwapo kuyambira pamene anakwanitsa zaka 15. Pakati pa akazi amene anakwatiwapo, 47 pa 100 alionse ananena kuti amuna ao anawacitapo nkhanza, kaya ya kumenya, ya kukakamiza za m'cipinda, kapena ya kutukwana ndi kuopseza. Kunena kwina, pafupifupi theka la akazi a pabanja aidziwa nkhanza ndi thupi lao kapena mtima wao.

Cina cimene kafukufukuyo anaonetsa ndi cakuti akazi 46 pa 100 alionse anavomereza kuti mwamuna angamenye mkazi wake pa cifukwa cimodzi mwa izi: akapsereza cakudya, akakangana naye, akacoka pakhomo osatsazika, akalekerera ana, kapena akamkaniza za m'cipinda. Amuna amene anavomereza zimenezo anali ocepa kuposa akazi, 26 pa 100 alionse. Ndiponso oposa theka la akazi ocitidwa nkhanza sanapemphe thandizo kwa munthu aliyense, ngakhale kuuzako mnzao.

Ku polisi nako ciwerengero cinakwera. M'caka ca 2019 apolisi analandira madandaulo 25,121 a nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi m'dziko lonse. M'caka ca 2022 analandira 33,536, ndipo m'caka ca 2023 analandira 42,965. Ambiri mwa odandaulawo anali akazi ndi atsikana. Kukwera kumeneku kungatanthauze kuti anthu ayamba kulimba mtima ndi kukanena, komabe amene afika ku polisi ndi ocepa poyerekeza ndi amene apirira kacetecete.

Zimene makolo anali kucita

Ena amati kumenya mkazi ndi mwambo wa makolo, ndipo mwamuna wosamenya ndiye kuti sakonda. Koma tikayang'ana bwino mwambo wa kuno kum'mawa tipeza kuti makolo anaika anthu oteteza mkazi. Pakati pa Acewa ukwati sunali kumangidwa popanda ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Mkamwini anali kukhala pamudzi pa mkazi, pamaso pa apongozi, alamu ndi atsibweni a mkaziyo, amene ndiwo eni mbumba. Mkamwini wa dzanja lopepuka anali kuitanidwa pabwalo, kulipitsidwa nkhuku kapena mbuzi, ndipo akapanda kuleka anali kumangiridwa mphasa yake ndi kuperekezedwa kwao.

Pakati pa Angoni, kumene ng'ombe za malowolo ziperekedwa ndipo mkazi apita kukakhala kwa mwamuna, mkazi wozunzidwa anali kuthawira kwa atate ake, ndipo akulu a mabanja awiriwo anali kukhala pansi mwamuna asanaloledwe kumtenganso.

Lero zinthu zasintha. Mabanja ambiri akhala kutali ndi abale, m'minda ya m'masikimu, m'makomboni a Chipata ndi Lusaka, kapena m'mapulazi a eni. Ankhoswe ali kutali, atsibweni ali kutali, ndipo mau amene atsala m'makutu a mkazi ndi aja a alangizi akuti banja ndi kupirira, ndi akuti za m'nyumba siziululidwa. Kupirira umphawi ndi matenda pamodzi ndi cinthu cabwino. Koma kupirira nkhwangwa ndi mpini wa khasu kwapereka akazi ena kumanda, ana natsala amasiye, atate ao ali m'ndende.

Lamulo la caka ca 2011

Kumenya munthu wakhala uli mlandu kuyambira kale m'buku la malamulo a zilango lochedwa Penal Code, ndipo bukulo silipatula mkazi wa munthu. Koma kwa zaka zambiri mkazi wofika ku polisi ndi zilonda anali kubwezedwa kuti akakambirane ndi ankhoswe. Pofuna kuthetsa zimenezi, apolisi anakhazikitsa nthambi yochedwa Victim Support Unit m'caka ca 1994, ndipo inayamba kugwira nchito m'caka ca 1996. M'caka ca 1999 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la apolisi ndi kulamula kuti nthambiyi ikhalepo pa polisi iriyonse. Nchito yake ndi kuyang'anira milandu ya kumenyana m'banja, kugwirira akazi, kugona ana, ndi kulanda cuma ca amasiye.

Pambuyo pake, m'caka ca 2011, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lochedwa Anti-Gender-Based Violence Act, limene ndi lamulo loyamba la caka cimeneco. Lamuloli licula mitundu inai ya nkhanza. Woyamba ndi wa pathupi, monga kumenya, kuoca, kutsekera munthu m'nyumba kapena kummana cakudya ndi pogona. Waciwiri ndi wa za m'cipinda, ndipo pamenepa lamulo linena momveka kuti nkhanza yotere iri nkhanza kaya anthuwo ndi okwatirana kapena ai. Wacitatu ndi wa mau ndi maganizo, monga kutukwana, kunyoza, kuopseza ndi nsanje yopitirira muyeso. Wacinai ndi wa cuma, monga kummana munthu zofunika pa umoyo wake, kumletsa kugwira nchito, kapena kugulitsa ndi kuononga katundu amene iye ali nayenso gawo. Miyambo yoipa monga kulowa kufa mokakamiza, kukwatitsa ana ndi kulanda katundu wa mkazi wamasiye iwerengedwanso m'lamulo lomweli.

Tiyenera kumvetsa kuti lamulo la 2011 kwenikweni ndi la citetezo. Lifotokoza nchito ya apolisi ndi njira yopezera cikalata ca khoti cotetezera wozunzidwa. Zilango za womenya zicokerabe m'buku lija la Penal Code.

Ndani angapite kukanena?

Anthu ambiri aganiza kuti womenyedwa yekha ndiye angakadandaule. Lamulo litero ai. Munthu aliyense wodziwa za nkhanza angathe kukanena, kaya ndi mbale, mnansi, mwana wa m'nyumbamo, mphunzitsi, namwino, mkulu wa mpingo kapena a nyakwawa. Wapolisi ayenera kucitapo kanthu msanga ngakhale wobwera ndi mau sali mwini zilonda. Cotero uja amene adzuka usiku namva kulira m'nyumba ya mnzake ali ndi njira yoongoka ya kuthandizira.

Ndiponso lamulo liika udindo pa anthu ena. Sing'anga wa m'cipatala, namwino, mphunzitsi, mtsogoleri wa cipembedzo, mfumu, wolemba anthu nchito ndi ena otere, akadziwa kuti munthu ali kucitidwa nkhanza, ayenera kumuuza za ufulu wake wa kukadandaula ndi kumsonyeza kumene angapeze mankhwala, pobisala ndi uphungu. Namwino akaona mai wothyoka nthiti ali kunena kuti anagwa pa njinga, pamene mabala ake aonetsa zala za munthu pakhosi, sayenera kungomanga bandeji ndi kumtsazika.

Dandaulo lingaperekedwe ku polisi ya kumene wozunzidwa akhala, ya kumene wozunza akhala, ya kumene nkhanza inacitikira, kapena ya kumene wozunzidwa wathawira. Mai wa ku Chadiza amene wathawira kwa mlongo wake ku Katete safunika kubwerera ku Chadiza kuti akanene. Amene ali ndi lamya angaimbe pa 991 kuitana apolisi, pa 933 kupempha uphungu wa za nkhanza, kapena pa 116 ngati wovutikayo ndi mwana. Manambala amenewa salipiritsa.

Pa khomo la polisi

Tiyerekeze kuti mai wafika pa polisi m'mawa, nkhope itatupa. Pa tebulo lolandirira anthu dandaulo lake lilembedwa m'buku la zocitika, ndipo iye aperekezedwa ku cipinda ca Victim Support Unit kuti akafotokoze nkhani yake poduka mphepo. Lamulo la 2011 lipatsa wapolisi nchito zingapo. Ayenera kufunsa wodandaula, wodandauliridwa ndi mboni. Ayenera kulemba dandaulo lonse mwatsatanetsatane, ndipo wodandaula akapempha apatsidwe mau a zolembedwazo m'cinenero cimene amva. Ayenera kumthandiza kupeza mankhwala ndi malo obisalapo ngati moyo wake uli pangozi. Ayenera kumperekeza kunyumba kukatenga zovala ndi katundu wake ngati aopa kupita yekha. Potsiriza ayenera kumlangiza za kasungidwe ka umboni.

Cinthu cofunika koposa pa tsikulo ndi pepala la lipoti la kucipatala, limene apolisi alicha ZP Form 32. Wodandaula atenga pepalali kupita nalo ku cipatala ca Boma, kumene dotolo ampima ndi kulemba mabala onse amene waona, kukula kwake, ndi cimene ciyenera kuti cinawacititsa. Pambuyo pake pepalalo libwerera ku polisi ndi kulowa m'failo ya mlandu. Lamulo linena kuti wocitidwa nkhanza alandire mankhwala ndi lipotilo mwaulere pa cipatala ca Boma.

Kufulumira kuli ndi phindu, pakuti cotupa ciphwa ndipo cilonda cipola. Mai wopita ku cipatala patapita masabata awiri apeza kuti dotolo alibe cakuti alembe. Zovala zong'ambika kapena za magazi zisacapidwe, ndipo ndodo, mpeni kapena nkhwangwa yomenyera isatayidwe. Ngati panali kukakamiza za m'cipinda, wozunzidwa afike ku cipatala asanasambe, ndiponso asanathe maola 72, cifukwa mankhwala oteteza ku kacirombo ka HIV agwira nchito akayambidwa m'nthawi imeneyo.

Pa zipatala zina zikuluzikulu pali malo ochedwa One Stop Centre, pamene wapolisi, namwino, phungu ndi wodziwa malamulo apezeka pa khomo limodzi, kuti wodwala asazungulire tauni yonse ndi zilonda.

Kumanga woganiziridwa

Wapolisi angathe kumanga munthu popanda cikalata ca khoti ngati ali ndi cifukwa comveka coganizira kuti munthuyo wacita nkhanza, ali kuicita, kapena ali pafupi kuicita ndipo palibe njira yina yomletsera. Angamangenso munthu woswa cikalata ca citetezo cimene tifotokoza kutsogoloku.

Komabe kumangidwa si kutsutsidwa. Malamulo aakulu a dziko lino anena kuti munthu aliyense ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza ndi mlandu. Woganiziridwa ali ndi ufulu wouzidwa cimene wamangidwira, wofotokoza mbali yake, woitana mboni zake ndi wopeza loya. Wosauka angapemphe thandizo ku Legal Aid Board. Pa milandu yambiri ya kumenya, apolisi angamtulutse pa bondi kuti adzaonekere ku khoti pa tsiku loikika, ndipo bondi ya polisi njaulere. Nayenso munthu wonamizira mnzake kwa apolisi mwadala apalamula mlandu. Ici ndico cifukwa cake wapolisi afunsa mbali zonse ziwiri, afuna mboni, ndi kuyembekezera lipoti la dotolo.

Apolisi akatsiriza kufufuza, failo ipita kwa oimira Boma pa milandu a National Prosecution Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2010. Kuyambira pamenepo mlandu sukhalanso wa mkazi ndi mwamuna wake cabe. Ulembedwa m'dzina la anthu a dziko la Zambia, ndipo mkaziyo akhala mboni. Lamulo lilola mkazi kupereka umboni wotsutsa mwamuna wake, kapena mwamuna wotsutsa mkazi wake, pa mlandu wa kupwetekana okhaokha.

Zilango zake

Kukula kwa cilango kulingana ndi kukula kwa mabala. Kumenya kopanda kuvulaza, monga khofi kapena kukankha, cilango cake cingafike caka cimodzi m'ndende. Kumenya kotulutsa magazi, kotupitsa kapena kosiya zipsera kungafike zaka 5. Kulasa kapena kuceka munthu kungafike zaka 3. Kuvulaza koopsa, monga kuthyola fupa, kuphulitsa diso kapena kulemaza ciwalo, kungafike zaka 7, ndipo kukaoneka kuti wolakwa anacita dala kuti alemaze mnzake, cilango cikula koposa pamenepo. Kuopseza munthu kuti udzamupha kapena kumvulaza nakonso ndi mlandu pakokha, ngakhale dzanja lisanamkhudze.

Munthu akafa, mlandu upita ku Khoti Lalikulu. Cilango ca kunyonga cinathetsedwa m'dziko lino mu December 2022, koma wopha mnzake mwadala angakhale m'ndende moyo wake wonse. Kuledzera si cothawirapo pa mlandu wa kumenya, ndipo malowolo amene munthu anapereka sampatsa mphamvu pa thupi la mkazi wake.

Cikalata ca citetezo

Akazi ambiri safuna kuti mwamuna amangidwe. Cimene afuna ndi cakuti kumenya kuleke. Kwa otere lamulo la 2011 linabweretsa cikalata ca citetezo, cimene cipemphedwa ku khoti la majisitireti. Wozunzidwa angapemphe yekha, kapena wina angampemphere iye atalola. Pempho lotere limvedwa m'cipinda, popanda khamu la anthu.

Ngati majisitireti aona kuti ngozi iri pafupi, angapereke cikalata ca kanthawi ngakhale wodandauliridwa asanafike, ndipo cimeneci cigwira nchito kufikira miyezi itatu. Mbali zonse zikamvedwa, khoti lingapereke cikalata ceniceni, cimene cigwira nchito kufikira miyezi 12 ndipo cingaonjezedwe. M'cikalatamo khoti lingaletse munthu kumenya, kuopseza, kulondalonda mnzake kunchito kapena kumene wathawira, ndi kuononga katundu. Lingamlamule kupereka mfuti kapena cida cina kwa apolisi, kupita kukalandira uphungu, kulipira ndalama za kucipatala ndi kupitiriza kudyetsa banja. Lingapereke ana kwa kholo limodzi kwa kanthawi. Pamene zafika poipa, khoti lingalamule wozunza kutuluka m'nyumba ndi kusiyamo mkazi ndi ana. Woswa cikalata ca citetezo angamangidwe kufikira zaka ziwiri.

Cikalataci sicithetsa ukwati, ndipo sicitsekera munthu m'ndende ngati acimvera. Anthu a kumidzi ambiri sanamvepo za ico, cikhalirenico ndico cingapulumutse moyo ndi banja lomwe.

"Ndabwera kudzafafaniza mlandu"

Mau awa apolisi ndi makhoti awamva kawirikawiri. Mai amene anabwera Lolemba ndi magazi abwerera Lacinai kudzapempha kuti mwamuna wake atulutsidwe. Ena amnena kuti ndi wopusa, koma zifukwa zake nzolemera. Mwamunayo ndiye mwini ng'ombe zolimira, ndiye analembetsa dzina ku kopaletivu kuti alandire feteleza, ndiye alipirira ana yunifomu ndi mabuku. Apongozi afika usiku namuuza kuti mkazi womangitsa mwamuna wake sadzapezanso banja. Nthawi zina abale ake enieni ndiwo amkakamiza, poopa kubweza ng'ombe zimene anadya kale. Ndiponso mwamuna uja, ali m'citokosi, alira ndi kulumbira kuti sadzabwerezanso.

Pa nkhani imeneyi lamulo linena zinthu ziwiri. Coyamba, kukambirana kwa acibale sikuletsa apolisi kufufuza kapena Boma kuzenga mlandu. Ankhoswe angakhale pansi, mbuzi ingaperekedwe, koma failo ya ku polisi sitsekedwa kaamba ka zimenezo. Mlandu suola. Caciwiri, mlandu ukafika m'khoti, ngati nkhanzayo inali yaing'ono ndipo wodandaula mwini wake afuna kuyanjana, khoti lingalole kuti nkhani ikambidwe kunja, ndi kutumiza awiriwo kukalandira uphungu. Koma ngati nkhanzayo inali yoopsa, monga pamene munthu anavulazidwa kwambiri kapena cida cinagwiritsidwa nchito, lamulo liletsa khoti kuvomereza cimvano ca kunja. Mlandu wotere uyenera kuzengedwa kufikira mapeto.

Cifukwa ca lamuloli cidziwika kwa aliyense amene wakhalapo pa maliro a mai wophedwa ndi mwamuna wake. Pa maliro otere anthu anong'onezana kuti aka sikanali koyamba, kuti anathawirapo kwao kawiri kapena katatu nabwezedwa. Nkhanza ya m'banja iyamba ndi mau, ibwera pa khofi, ifika pa ndodo, ndipo kumapeto kwake ndi nkhwangwa. Kufinya pakhosi, kuopseza ndi cida, kumenya mkazi wa pakati ndi kunena za kupha ndi zizindikiro zakuti moyo uli pangozi, ndipo nthawi imene mkazi ali kukonzeka kucoka ndiyo yoopsa koposa. Cotero wofuna kucoka auze munthu wokhulupirika, asunge citupa cake ca NRC ndi makadi a ana a kucipatala pamalo pena, ndipo asalengeze za ulendo wake kwa womzunza.

Makhoti ndi nkhani ya cuma

Kale milandu yotere inali kucedwa miyezi yambiri, mboni zinali kutopa ndi maulendo, ndipo mlandu unali kufa wokha. Pofuna kucepetsa vutoli, m'caka ca 2016 anatsegula makhoti ofulumiza milandu ya nkhanza ku Kabwe ndi ku Lusaka, ndipo pambuyo pake ena anatsegulidwa ku Chipata, Ndola, Choma ndi Mongu. M'makhoti amenewa muli zipangizo zolola mboni yamantha, makamaka mwana, kupereka umboni ali m'cipinda cina osayang'anizana ndi womzunza.

Tisasokoneze khoti la majisitireti ndi Local Court. Local Court iweruza nkhani za mwambo, monga kuthetsa ukwati womangidwa mwa cikhalidwe cathu, kugawa katundu ndi kulipitsa. Ukwati wolembetsedwa kwa Boma uthetsedwa ku Khoti Lalikulu. Mlandu wa kuvulaza munthu ndi wa apolisi ndi majisitireti. Mafumu ndi anyakwawa ali ndi nchito yaikulu ya kulangiza ndi kuyanjanitsa, koma mlandu wa magazi ayenera kuutumiza ku polisi.

Mantha akuti mkazi akacoka acoka cimanjamanja nawonso afunika kuwaunika. M'caka ca 2000, pa mlandu wa Chibwe ndi Chibwe, khoti lalikulu koposa m'dziko lino pa nthawiyo, la Supreme Court, linagamula kuti mkazi wokwatiwa mwa mwambo apatsidwe gawo la cuma cimene banja linapeza pa nthawi ya ukwati. Za ana, lamulo la ana la caka ca 2022 linena kuti makolo onse awiri ali ndi udindo wa kusamalira mwana, kaya ali pamodzi kapena analekana, ndipo khoti lingalamule kholo kupereka ndalama za cisamaliro. Ofuna uphungu wa malamulo angaupeze ku Legal Aid Board, ku National Legal Aid Clinic for Women, ndi ku bungwe la YWCA, limene lisunganso akazi othawa nkhanza.

Zovuta zimene zikalipo

Sitinganene kuti zonse ziyenda monga zinalembedwera. Midzi yambiri ya ku Lundazi, Chama, Mambwe, Nyimba ndi Vubwi iri kutali ndi polisi, ndipo pa dzinja mitsinje ikadzala ulendo wa tsiku limodzi usanduka wa masiku atatu. Polisi zina zazing'ono ziribe galimoto. Cipatala ca pafupi cingakhale copanda woyenera kusaina lipoti, motero wodwala atumizidwa ku boma. Lamulo la 2011 linalamula kuti pakhale nyumba zobisalamo ozunzidwa ndi thumba la ndalama zowathandizira, koma nyumba zotere zikali zocepa, makamaka kumidzi.

Ndiponso apolisi ndi anthu okulira m'midzi yomweyi, ndipo angapezeke wina woganizabe kuti nkhani ya m'banja njosayenera kulemba m'buku. Wodandaula akabwezedwa popanda thandizo, kapena akauzidwa kupereka ndalama, apemphe kuonana ndi mkulu wa polisiyo. Zikakanika pamenepo, pali bungwe la Police Public Complaints Commission limene lilandira madandaulo a anthu pa kagwiridwe ka nchito ka apolisi.

Amuna nawonso

Lamulo silinena za akazi okha. Alipo amuna amene athiridwa madzi otentha kapena mafuta ophikira, alumidwa, atemedwa ali m'tulo, kapena amanidwa cakudya atakalamba ndi kudwala. Ambiri a iwo akhala cete poopa kusekedwa ku bwalo la nsolo. Khomo la Victim Support Unit ndi lotsegukira iwonso, ndipo cilango ca mkazi wovulaza mwamuna wake ndi cimodzimodzi ndi ca mwamuna wovulaza mkazi wake. Mwamuna womenyedwa acita bwino kukanena kusiyana ndi kubwezera, pakuti wobwezera ndi mphamvu zoposa asanduka iye woimbidwa mlandu.

Tisaiwale ana. Mwana wogona pa mphasa namva mai wake ali kulira sagona tulo, ndipo m'mawa apita ku sukulu mutu uli kwina. Mnyamata aphunzira kuti mkangano uthetsedwa ndi dzanja, mtsikana naphunzira kuti kumenyedwa ndiwo ukwati.

Caka ndi caka, kuyambira pa 25 November kufikira pa 10 December, Boma, mipingo ndi mabungwe acititsa misonkhano ya kutsutsa nkhanza. Misonkhanoyo njabwino, koma kulira kwa usiku sikuyembekeza mwezi wa November. Inu a nyakwawa, sungani nambala ya polisi ya kufupi ndi mudzi wanu. Inu ankhoswe, mwana wanu akabwera ndi zilonda yambani mwapita naye ku cipatala musanakambe za kumbweza. Inu alangizi, pophunzitsa mtsikana ulemu muuzeninso kumene angathawire. Ndipo inu a nyumba yoyandikana, mukamva kulira dzutsani anzanu awiri kapena atatu, kagogodeni pa citseko, ndipo kukaca kauzeni apolisi. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.